Angoni a ku Ntcheu timaliriranji tikamaonera Shaka Zulu?

Awa ndi mawu amene analankhulidwa pamaso pa mafumu, aphunzitsi ndi achinyamata amene anasonkhana pa boma la Ntcheu kudzakambirana za mafilimu ndi mbiri ya makolo.

Ndikudziwa kuti ena mukudabwa kuti munthu wa imvi ngati ine angaimirire bwanji pamaso pa mafumu n'kumakamba za kanema, chinthu chimene ambiri amati n'cha ana ndi malova. Koma filimu imene ndikufuna kukambayi yaliza amuna akuluakulu m'boma lino, amuna amene sanagwetse msozi ngakhale pamaliro a abambo awo. Chinthu chimene chimaliza Mngoni si chamasewera ayi, n'chofunika kuchikhalira pansi.

Filimuyi ndi Shaka Zulu. Inatuluka m'chaka cha 1986 pa wailesi ya kanema ya boma la South Africa yotchedwa SABC, ndipo ili ndi zigawo 10, kotero kuti wofuna kuionera yonse tsiku limodzi amayenera kulawira m'mamawa atatenga kamba. Anaitsogolera ndi William Faure potsata buku limene analemba Joshua Sinclair wa ku America. Amene anasewera ngati Shaka ndi Henry Cele, munthu amene asanayambe zisudzo anali goloboyi wa mpira wa miyendo, anzake n'kumamutcha Black Cat. Nandi, mayi wa Shaka, anali Dudu Mkhize. Nyimbo yotsegulira chigawo chilichonse anaimba ndi Margaret Singana, mayi amene pa nthawiyo ankayendera njinga ya olumala atadwala matenda ofa ziwalo. Singana anamwalira mu 2000, Cele mu 2007, koma mukafunsa mnyamata aliyense pa msika wa Lizulu kuti Shaka ankaoneka bwanji, nkhope imene imubwerere m'mutu ndi ya goloboyi uja.

Tiyambe tamvana kuti iyi si mbiri monga imene mphunzitsi amalemba pa bolodi. Ndi nthano yaikulu imene yavala zovala za mbiri. Muli mayi wa ula amene amalosera za Shaka asanabadwe, muli mphezi ndi utsi, muli wosula amene amasula mkondo wa Shaka mothandizidwa ndi mizimu, ngati kuti amene wagwira mkondowo wagwira dziko lonse. Mwana wokanidwa ndi bambo wake, wosekedwa ndi anzake kubusa, amakula n'kudzabwezera onse amene anamunyoza iye ndi mayi wake. Agogo athu ankasimba nthano za mtundu umenewu pamoto, za mwana wamasiye amene anadzakhala mfumu. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi ili ndi asilikali mazanamazana, ng'ombe, nyimbo ndi ndalama zambiri.

Kuno kwathu filimuyi inafika mochedwa ndiponso mozemba. Mukumbukira kuti dziko lino linalibe wailesi ya kanema mpaka 1999, ndipo bungwe loona za mabuku ndi mafilimu, limene linabwera ndi lamulo la 1968, linali ndi lumo lakuthwa zedi. Ena mwa inu amene munathawa dziko lino munaionera kale muli ku Lusaka, ku Harare kapena ku London. Ife otsala tinadikira matepi a vidiyo amene ankabwera m'zikwama za anthu ochokera ku Joni.

Ine ndinaionera m'chisakasa cha kuseri kwa golosale, mawindo atatsekedwa ndi ziguduli, kanema wamng'ono ali pamwamba pa mgolo, jenereta ikulira panja. Tepiyo inali yotopa, nkhope za anthu zikumagwedera. Pafupi nane panakhala mkulu wina amene anagwirapo ntchito m'migodi pa nthawi ya Wenela, ndipo ndi iye amene ankatimasulira mawu a Chizulu. Itafika nthawi imene magulu a nkhondo amandanda pa chigwa, nthenga kumutu, onse n'kumenya zishango kamodzin'kamodzi, mkulu uja anasiya kumasulira. Anaimirira, anavula chipewa, nafuula kuti "Bayete!" Panalibe amene anamuseka. Ine thupi lonse linachita tsemwe, kukhosi kunandigwira, ndipo nditatembenuka kuti ndibise nkhope ndinapeza kuti mnzanga wa kumanzere nayenso akupukuta m'maso ndi kolala ya shati.

Kodi tinkalira chiyani? Ndaganizira funso limeneli zaka zambiri. Choyamba, m'mafilimu onse amene tinaonerapo kale, munthu wakuda ankakhala wonyamula katundu wa mzungu, kapena woyamba kudyedwa ndi mkango. Apa tinaona azungu, Francis Farewell ndi Henry Fynn, ataima pa bwalo la munthu wakuda, akunjenjemera, akusankha mawu bwinobwino kuti asalakwitse. Kwa anthu amene anakula akuvulira chipewa bwanamkubwa aliyense, chimenechi chinali ngati madzi ozizira m'mwezi wa Okutobala. Chachiwiri, zimene tinkaona pa kanemapo zinali za m'nyumba mwathu. Chishango cha chikopa cha ng'ombe chinali chomwe chija chimene agogo anapachika kudenga, chodyedwa ndi njenjete. Chibonga chinali chomwecho, khola pakati pa mudzi linali lomwelo. Mawu amene timaimba povina ngoma osawamvetsa, apa anthu ankalankhulirana ngati mawu a tsiku ndi tsiku. Tinali ngati mwana wamasiye amene wapatsidwa chithunzi cha bambo wake kwa nthawi yoyamba. Misozi imeneyo inali yoona, ndipo sindidzalola munthu wa masukulu ambiri kuti ainyoze.

Komabe, abale anga, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tiyeni tidzifunse kuti m'chisakasa muja tinkawombera m'manja yani.

Makolo athu sanali asilikali a Shaka. Nkhani imene anatisiyira ndi yakuti anamuthawa. Cha m'ma 1819 Shaka anagonjetsa Zwide, mfumu ya Andwandwe, ndipo mmodzi mwa akuluakulu a nkhondo amene anali mbali ya Zwide ndi Zwangendaba, kholo la Angoni a ku Mzimba ndi a kwa Mpezeni, amene anawoloka Zambezi tsiku la kadamsana mu Novembala 1835. A Maseko athu anachokera ku dziko limene lero likutchedwa Eswatini, anabalalika m'chipwirikiti chomwecho, nawoloka Zambezi panjira yawoyawo. Pansi pa Mputa anafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania. Mputa ataphedwa kumeneko, Chidyaonga anawabweza nadzawakhazika ku Domwe, kutsidya kwa malire kuno ku Angonia. Tsono taonani: m'filimu muja Zwide ndiye chigawenga, mayi wake Ntombazi ndiye mfiti yosunga zigaza za mafumu. Pamene gulu la Zwide likugwa, anthu akuthawa ndi ana kumsana, midzi ikuyaka, ife tinkaimba mluzu ndi kuponda pansi. Anthu othawawo, amene kamera imangowadutsa osawapatsa ngakhale dzina, ndiwo akufanana ndi agogo athu. Inu amene munawoloka malire usiku m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, n'kudzabwerera pambuyo pa chikhululukiro cha 1993, mukudziwa bwino kuposa ine kuti nkhani ya wothawa ndi nkhani ya wothamangitsa sizifanana. Mngoni ndi mtchona woyamba wa dziko lino, koma akakhala pa kanema amaiwala n'kuyamba kuchemerera womuthamangitsa.

Funso lina ndi lakuti ng'omayi anaigula ndani. SABC ya 1986 inali pakamwa pa boma la tsankho la P.W. Botha. Chaka chimenecho mu Juni boma lija linalengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti m'dziko lonse, anthu zikwizikwi anatsekeredwa osazengedwa mlandu, Nelson Mandela anali adakali m'ndende, ndipo ku Natal anthu a Inkatha ndi a UDF anali kuphana. Mayiko ambiri ankakana zinthu za South Africa, n'chifukwa chake filimuyi inagulitsidwa kunja kudzera ku kampani ya ku America yotchedwa Harmony Gold. Sindikunena kuti Henry Cele kapena Dudu Mkhize anali ogulidwa, iwo anagwira ntchito yawo mwaluso losaiwalika. Koma taonetsetsani mmene nkhaniyo yamangidwira. Imayambira ku England mu 1882, Mfumu Cetshwayo ili pamaso pa Mfumukazi Victoria. Wosimba nkhani yonse ndi mzungu, Fynn. Imathera ndi moto, ufumu ukudzidya wokha. Munthu woonera ku America mu 1987 ankachoka ndi ganizo lanji? Lakuti anthu akuda akapatsidwa mphamvu amamalizana okhaokha. Boma la Botha silikanapeza uthenga wolikomera kuposa umenewo.

Ngakhale zimene timati n'zoona za Shaka n'zofunika kuzipeta. Zambiri zinachokera kwa amalonda awiri, Fynn yemweyo ndi Nathaniel Isaacs, amene buku lake linatuluka mu 1836. Pali kalata imene Isaacs analembera Fynn yomulimbikitsa kuti polemba awaonetse mafumu a Chizulu ngati anthu okonda magazi kwambiri, kuti buku likome ndi kuyenda malonda. Zolemba zoyamba za Fynn zinatayika, anachita kulembanso za pamtima patapita zaka, ndipo zinadzasindikizidwa mu 1950. Anthuwa ankafuna malo ndi minyanga ku Natal, ndipo kunali kowakomera kuti boma la Britain limve kuti kumeneko kuli chilombo. Akatswiri a mbiri monga Julian Cobbing mu 1988, Carolyn Hamilton mu 1998 ndi Dan Wylie pambuyo pake anafukula zimenezi, ena mpaka kunena kuti chipwirikiti chimene chinabalalitsa makolo athu sichinali cha Shaka yekha, munalinso chilala, kulimbirana malonda a ku Delagoa Bay, ndi kusakasaka akapolo. Akatswiriwa amatsutsana okhaokha mpaka lero. Ine pano ndikungoti Shaka amene tinamulirira anadutsa m'manja mwa amalonda, m'manja mwa wolemba buku wa ku America, ndi m'manja mwa SABC asanafike pa mgolo uja.

Pali chigawo chimodzi chimene m'chisakasa muja chinatikhazika chete, ndipo ndikufuna ndichedwepo pang'ono chifukwa nachonso n'cha misozi. Nandi anamwalira mu 1827. Malinga ndi zimene Fynn anasimba, Shaka analamula dziko lonse kuti lilire. Analetsa kulima, analetsa kumwa mkaka, analetsa amayi kutenga pakati, ndipo amene anaoneka kuti sakulira mokwanira ankaphedwa. Kaya chiwerengero cha ophedwa anachikuza kapena ayi, filimuyi imaonetsa khamu la anthu likubuma, aliyense akuyang'ana mnzake m'mbali kuti aone ngati akulira mokweza kuposa iye. Panalibe amene anafunika kutimasulira chigawo chimenechi. Tonse tinali titaimapo m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, ana a sukulu opanda kanthu m'mimba, kuwombera m'manja galimoto imene inkadutsa madzulo. Amayi athu anali atakwerapo malole kukavina kutali, kusiya ana ndi minda. Tinkadziwa kuti kumwetulira kochepa kungathe kumufikitsa munthu kumene sanafune. Ndipo tinkakumbukira kuti a Ngwazi nawonso ankakonda kunyamula chishango ndi mkondo n'kulowa m'bwalo la ngoma. Mu Seputembala 1828 Shaka anaphedwa ndi abale ake, Dingane ndi Mhlangana. Pa chigawo chimenecho mkulu wa ku Wenela uja sanafuule kanthu, anangovala chipewa chake.

Chimene chimandisautsa n'chakuti filimu yomweyo imene imatisonyeza kuipa kwa misozi yolamulidwa, nayonso imadziwa kulamula misozi yathu. Imadziwa nthawi yokweza ng'oma, nthawi yoyandikitsa kamera pa maso a Cele, nthawi yoti mayi Singana ayambe kuimba. Umalira usanaganize. Ukamadzazindikira wakonda kale munthu amene ukanakhala naye mudzi umodzi ukanagona kutchire.

Adzukulu anga anandionetsa filimu ina imene azungu nawonso amalira nayo, The Lord of the Rings. Ili m'zigawo 3 zimene zinatuluka kuyambira 2001 mpaka 2003, anazijambula ku New Zealand motsogozedwa ndi Peter Jackson, ndipo chigawo chomaliza chinalandira mphoto 11 za Oscar. Inachokera m'mabuku a J.R.R. Tolkien, amene, mwina mudabwa, anabadwira ku Bloemfontein mu 1892. Ndinasekanso nditaona kuti mfiti ya ndevu zoyera yotchedwa Saruman ndi Christopher Lee, yemwe uja amene mu Shaka Zulu ndi Lord Bathurst, nduna ya ku London. M'nthano imeneyi mulinso chida chopatsa mphamvu pa dziko lonse, koma m'malo mwa mkondo ndi mphete. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo wonse ndi wokataya mpheteyo m'moto, chifukwa aliyense amene waivala, ngakhale woyamba ndi mtima wabwino, imamusandutsa chilombo. Woinyamula si ngwazi ya nkhondo ayi, ndi kamunthu kakafupi kosavala nsapato, koyenda ndi mnzake wolima m'dimba. Anthu amene anawerenga mabukuwo anadandaula kuti Jackson anasiya mutu wina wa kumapeto, pamene anyamata aja amabwerera kwawo n'kupeza mudzi uli m'manja mwa zigawenga, mitengo itadulidwa, malamulo atapachikidwa paliponse, achibale ena atasanduka akazitape. Inu obwerera kumudzi mukanakhala ndi mawu pa filimuyo, sindikukhulupirira kuti mukanalola mutu umenewo kuti uchotsedwe.

Koma wolira ndi filimu ya mphete ali ndi mwayi umodzi umene ife tilibe. Dziko lakelo n'lopeka, ndipo palibe mdzukulu wa Saruman amene angabwere kudzadandaula kuti mwanamizira agogo ake. Ife nthano yathu ili ndi manda enieni ndi zidzukulu zamoyo. Anthu a ku South Africa anazindikira zimenezi, ndipo mu 2023 anatulutsa Shaka iLembe pa Mzansi Magic, yolankhulidwa m'Chizulu, Nomzamo Mbatha ali Nandi, popanda mzungu wosimba nkhani kuchokera pa chiyambi. Anaitenga nthano yawo m'manja mwa alendo. Koma imeneyonso ndi nthano ya otsala kumeneko. Ya ochoka sinajambulidwebe.

Tsono ya ochokayo ili pompano, m'boma lino. Chikuse atamwalira mu 1891 ufumu unapita kwa mwana wake Gomani, mnyamata wamng'ono, amene anayamba walimbana ndi Kachindamoto kenaka n'kukumana ndi atsamunda, amene ankafuna msonkho ndi anthu okagwira ntchito m'minda yawo. Mu Okutobala 1896 asilikali a boma la Britain anamugwira namuwombera. Akuluakulu amasimba kuti anakana kuyenda womangidwa ngati kapolo pamaso pa anthu ake. Manda ake ali ku Nkolimbo, kumene timasonkhana pa Umhlangano. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani, mu 1953 anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linamuchotsa pa ufumu n'kufuna kumusamutsa m'boma lino ali wodwala. Anathawira ku Angonia pamodzi ndi mbusa wa Chingerezi Michael Scott, Apwitikizi anawabweza, Scott anapitikitsidwa m'dziko, ndipo Inkosi inamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo. Mfumu ya Angoni kuthawa usiku kulowera ku dziko lomwe lija la Domwe kumene agogo ake anakhala: kodi wolemba filimu angafunenso chiyani? Sipakufunika mphezi kapena mayi wa ula.

Ndi ulemu wonse kwa mafumu amene muli pano, filimu imeneyo idzayenera kunenanso zimene sitikonda kuzinena pa Umhlangano. Othawa aja atafika kuno anachitira ena zomwe zija anathawa. Antumba, Achewa ndi Amang'anja anathawira m'mapiri ndi m'zilumba, midzi yawo inatenthedwa, ana ndi amayi anagwidwa. Umboni wake ndi chilankhulo chimene ndikulankhula pano. Bwanji Mngoni wa ku Ntcheu akufunika munthu wa ku Wenela kuti amumasulire Chizulu? Chifukwa amayi amene analera agogo athu anali ogwidwa kunkhondo, ndipo mwana amayamwa chilankhulo cha mayi wake. Ambiri a ife amene timavala nthenga, tikafufuza bwino, tipeza kuti agogo aakazi anabwera pa mudzi ali omangidwa. Wojambula wathu akadzaika kamera pa chishango chokha, osaitembenuzira kwa mayi amene akuthawa ndi mwana kumsana, adzakhala atabwereza zomwe anachita William Faure, kungosintha dzina la mfumu.

Anthu oti angajambule alipo. Shemu Joyah anationetsa ndi Seasons of a Life mu 2008 ndi The Last Fishing Boat mu 2012 kuti Mmalawi angathe kupanga filimu yoonetsedwa kunja. Filimu ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, imene inatuluka mu 2019, inajambulidwa konkuno ndi Chiwetel Ejiofor, ndipo ngakhale tinaseka Chichewa chake chopotoka, tinaona kuti dziko lapansi lingathe kukhala pansi kumvera nkhani ya m'mudzi mwathu. Chimene chikutha msanga ndi anthu odziwa nkhaniyo. Margaret Read anakhala pakati pa Angoni a kwa Gomani m'zaka za m'ma 1930 nalemba zimene anamva, Ian Linden analembapo za a Maseko ku Domwe, koma onsewa ndi alendo, ndipo analemba m'Chingerezi.

Inu achinyamata a kumbuyoko, foni imene muli nayo m'thumba imajambula bwino kuposa makina amene tinaonerapo Shaka Zulu. Kwa Njolomole, kwa Ganya, kwa Kwataine, kwa Mpando, kwa Champiti ndi kwa Makwangwala kudakali agogo amene anaona ndi maso awo zimene zinachitika ku Lizulu mu 1953, ndipo ena anamva za 1896 kuchokera kwa anthu amene analipo. Muyambe mwapempha chilolezo kwa mafumu, mutenge kanthu kochepa m'manja monga mwa mwambo, ndipo musafunse amuna okha. Mukawapeze agogo aakazi kumtondo kapena kudimba, muwafunse kuti amayi a amayi awo anachokera mudzi uti, ndipo anafika bwanji kuno. Aphunzitsi amene muli pano muwathandize kulemba dzina la mudzi ndi tsiku pa chilichonse chimene ajambula, ndipo musunge m'malo awiri, chifukwa foni imagwera m'madzi.

Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri.